Tenanti wasowa koma katundu wake wasiya m'nyumba, nditani abale?

MayiWaKu25:
Abale ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Ndili ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Area 25, ndimachititsa lendi K70,000 pamwezi. Munali banja lina, bambo amagwira ya fodya ku Kanengo ija ya nyengo, mayi amasoka zovala pakhonde. Fodya atatha anayamba kuvuta kulipira, kenako mayi ndi mwana anapita kumudzi ati kumaliro, bambo anatsalako pang'ono nawonso n'kusowa osatsanzika. Pano yakwana miyezi itatu, foni sikupezeka, pa WhatsApp uthenga sukufika. Chitseko anakhoma ndi loko wake. Ndikasuzumira pawindo ndikuona matiresi, mipando ya pulasitiki, mashini osokera, mbaula, ndowa ndi zikwama. Ngongole yafika K210,000 osawerengera madzi poti mita ndi imodzi. Nde pali aphunzitsi ena akufuna kulowa mwezi ukubwerawu ndalama ali nazo m'manja. Ine ndine mayi wamasiye, fizi ya mwana wanga imachokera pakanyumba komweka. Ndithyole loko? Katunduyo ndigulitse kapena ndimutani?

Dala_wa_Ndirande:
Mayi thyolani loko lero lomwe. Gulitsani mashiniwo ndi matiresi mubweze ndalama zanu, zotsalazo ikani panja. Nyumba ndi yanu, simunamangire anthu othawa.

Nachisale_BT:
Iii a Dala, kuika panja ndi mvula yayambayi? Muli ndi mtima inu?

Dala_wa_Ndirande:
@Nachisale_BT mtima ndili nawo koma simenti sindigula ndi mtima. Ine ndili ndi mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi, anthuwa ndimawadziwa. Amasiya dala tizinthu topanda pake kuti uziganiza abwera, iwo atalowa kale nyumba ina ku Mbayani.

MwanaWaLendi:
Mashini osokera ndi tizinthu topanda pake? Munthu wothawa dala amayamba wanyamula chimene chimamudyetsa. Telala sangasiye mashini ake. Pamenepa pali china chake chachitika.

KalalikiWakale:
Mayi a ku 25, pepani ndi vutoli. Ndinagwira ntchito kukhoti la majisitireti zaka zambiri ndipo nkhani zoterezi zimabwera pafupifupi sabata iliyonse, nde ndiloleni ndilembe motalikirapo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasakaniza. Ngongole ya lendi ndi nkhani ina, katundu ndi nkhani inanso. Munthu kukhala ndi ngongole yanu sikupangitsa kuti matiresi ake asanduke anu. Mukagulitsa panokha iye n'kutulukira mawa, akhoza kukamang'ala kupolisi kuti mwamubera kapena kukusumirani kukhoti, ndipo chowawa n'chakuti amatchula zinthu zoti simunazionepo, ati munali TV, munali ndalama pansi pa pilo. Inu mboni mulibe. Ndaonapo a landilodi amene amatsata K100,000 akutuluka m'khoti atalamulidwa kulipira zoposa pamenepo.

Chimene ndingachite ine ndikanakhala inu, choyamba ndi kumufunafuna moti wina aliyense achitire umboni kuti munayesetsa. Tumizani uthenga wa SMS ndi wa WhatsApp pa manambala onse amene muli nawo, wonena ngongole yake, tsiku limene mudzatsegule nyumba, ndi tsiku lomaliza kudzatenga katundu. Musafufute mauthengawo. Lembaninso kalata yomweyo pa pepala, imodzi mumate pachitseko muijambule, ina musiye kwa amfumu a dera lanu.

Tsiku lotsegula musakhale nokha. Itanani amfumu kapena nthumwi yawo, mmodzi wa achitetezo cha m'mudzi, ndi neba amene si m'bale wanu. Wina azijambula vidiyo kuyambira loko asanadulidwe mpaka kumapeto osaimitsa. Chinthu chilichonse chilembedwe m'kope, ngakhale supuni, ndipo mulembenso mmene chilili, ngati ndowa ndi yobooka lembani kuti yobooka. Onse asainire. Katunduyo musunge pouma, nyumba mulowetse aphunzitsi anuwo.

Za ndalama zanu pitani kukhoti la majisitireti mukatenge chisamani. Khoti likagamula kuti akulipireni iye osalipira, ndi a sherifu amene amalanda katundu n'kugulitsa, osati inuyo ndi manja anu. Njirayi ndi yochedwa, sindikunamizani, koma mumagona tulo.

MayiWaKu25:
@KalalikiWakale zikomo kwambiri bambo. Koma chisamanicho akachipereka kwa ndani poti munthuyo sakudziwika komwe ali? Komanso kupolisi sindingapite?

KalalikiWakale:
Kupolisi pitani ndithu koma mukanene kuti munthu wasowa ndipo mukufuna kutsegula nyumba, alembe m'buku mwawo. Za ngongoleyo akakuuzani kuti si mlandu wa upandu, n'za kukhoti. Za chisamani mukafotokoze kwa kalaliki kuti munthu sakupezeka, khoti limatha kuloleza njira ina yomudziwitsira. Ngati ndalama ya loya palibe kuli a Legal Aid Bureau, ku Lilongwe konko ofesi ilipo, kafunseni.

Dala_wa_Ndirande:
Zonsezo mpaka liti? Thiransipoti yopita kukhoti kangapo, kudikira pabenchi tsiku lonse, mlandu kuimitsidwa. Pomaliza mwawononga ndalama yofanana ndi ngongoleyo. Malamulo amenewa amakomera othawa basi.

Nachisale_BT:
Apa pokha a Dala mwanena zoona, kukhoti kumatopetsa. Koma mayiwa chimene akufuna msanga ndi nyumba, si ngongole. Nyumba atha kuipeza sabata ino akatsata za mboni zija. Ngongoleyo izibwera pambuyo.

Mjoni_Randburg:
Ndiyankhuleko ngati munthu amene zinandichitikira mbali inayo. Mchimwene wanga amachita lendi kachipinda kuno ku Joni, tsiku lina apolisi anamugwira pamsewu alibe mapepala, anamutengera ku Lindela kosungira anthu opanda mapepala kenako kumubweza kumudzi. Foni inathimira komweko. A landilodi ake anadikira pang'ono n'kugulitsa zonse, filiji, bedi, mabulangete, ndi zida zake za ukalipentala zimene anagula kamodzikamodzi zaka zonse zimene anakhala kuno. Ine ndinamva mochedwa, pofika ndinapeza muli munthu wina. Mpaka lero mchimwene wangayo akatchula zida zija mawu amasintha. Chonsecho kuno lamulo lilipo, landilodi saloledwa kukutsekera kunja kapena kulanda katundu popanda khoti, ndipo kuli Rental Housing Tribunal komwe umakadandaula ulere, koma munthu wopanda mapepala ali ku Mangochi akadandaula bwanji?

Nde mayi, bambo wanuyo mwina ali pa ulendo womwewu. Fodya akatha anyamata ambiri amalowera kuno kudzera ku Tete ndi Beitbridge, ndipo nambala ya ku Malawi imafa akangowoloka. Yesani kumusaka pa Facebook, ambiri amayambira kumeneko akapeza foni.

MwanaWaLendi:
Kapena ali ku Maula. Kapena ali gone m'chipatala. Anthu timafulumira kunena kuti wathawa.

Chemwali_Zomba:
Zoona zimenezo. Kwathu kuno mayi anga anali ndi tenanti mtsikana wogulitsa kaunjika, anasowa miyezi iwiri. Anthu onse ati gulitsani mabelo akewo. Mayi anakana, anangosamutsira m'chipinda mwanga ine n'kumagona pabalaza. Kenako tinamva kuti anachita ngozi ya minibasi akuchokera ku Limbe kokaoda, anagonekedwa nthawi yonseyi mwendo uli m'chikhakha. Atabwera ndi ndodo n'kupeza mabelo ake ali chimangire analira pakhomo mpaka maneba anasonkhana. Ngongole anabweza yonse pang'onopang'ono ndipo anakhalanso nafe zaka zina.

Dala_wa_Ndirande:
Mwa anthu khumi osowa, wa ngozi ndi mmodzi. Enawo ndi akamberembere.

Chemwali_Zomba:
@Dala_wa_Ndirande nde mudziwa bwanji kuti uyu si mmodziyo?

Gogo_Chilinde:
Ana inu mukukamba za makhoti koma chinthu china simukuchitchula. Katundu wa munthu osamangomugwira chisawawa. Ine tenanti wina atachoka ndinapeza kansupa kokulunga ndi mikanda pamwamba pa chitseko, ndi tizithumwa m'ngodya. Amene analowa pambuyo pake mwana wawo samagona usiku. Itanani abusa kapena a shehe apemphere musanalowetse munthu wina.

Fundi_wa_Biwi:
Agogo, mwana samagona chifukwa cha nsikidzi. Nyumba ikakhala yotseka miyezi itatu matiresi ali momwemo nsikidzi sizifa, zimangobisala, ndipo mphemvu zimaswana. Mupopere mankhwala, mupake laimu.

Gogo_Chilinde:
Iwe Fundi ndinayamba kuchititsa lendi usanabadwe. Nsikidzi ndimazidziwa.

MtumikiWaMulungu:
Kupemphera sikulakwika, kupopera mankhwala sikulakwikanso, chitani zonse. Koma chimene ndikupempha, musayambe kumunenera munthu za ufiti iye kulibe. Mawu amenewo akafalikira m'dera mkazi wake ndi mwana sadzayendanso momasuka, ndipo kumutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa malamulo athu.

AdminWaGulu:
Abale tibwerere ku funso la mayiwa. Za nsupa mutsegule nkhani yake payokha.

Fundi_wa_Biwi:
Chabwino a Admin. Ine ndimakonza mashini osokera nde ndinenepo za kasungidwe. Mayi, mashiniwo musawaike pansi pa simenti kapena m'kitchini ya panja modontha, mvula ino achita dzimbiri mkati ndipo akagwira dzimbiri mtengo wake umagwa kwambiri. Chotsani mutu wake pa thebulo, donthezani timafuta ta mashini m'timabowo timene tili pamwambapo, kulungani ndi chitenje chouma kenako pulasitiki, muike pamwamba. Lamba muchotse asaume ali chikokere. Tsegulaninso kadirowa ka m'mbali, matelala amasungamo mabobini, sizasi ndi kakope ka miyezo ya makasitomala, ndipo m'kakope kameneko mumakhala manambala a anthu. Wina mwa iwo akudziwa kwawo kwa mayiyo. Komanso mwina m'zikwamazo muli nsalu za eni ake zimene anasiya kuti awasokere, amenewo ngongole yanu sikuwakhudza.

Matiresi muimike, asagone pansi, makoswe amaboola n'kuswera momwemo.

Nachisale_BT:
Eeh a Fundi apa mwatitsegula maso, za nsalu za makasitomala sindinaziganizire. Ukagulitsa chikwama chonse nde wagulitsa chitenje cha neba wako yemwe.

Nesi_ku_Leeds:
Kuno ku England nkhaniyi inalembedwa bwinobwino mu lamulo la 1977 lotchedwa Torts (Interference with Goods) Act. Landilodi amayenera kusamala katunduyo, kumulembera mwini wake kuti adzatenge pofika tsiku lakuti, ndipo akapanda kubwera atha kugulitsa, kuchotsapo zimene wawononga pogulitsapo, yotsalayo ndi ya tenanti. Komanso dipoziti landilodi sangoiika m'thumba, imayenera kutetezedwa kudzera ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30. Nde munthu akasowa pamakhala poyambira. Kwathu vuto timangolandirana ndi pakamwa.

Dala_wa_Ndirande:
Asisi ku Ndirande ukatchula dipoziti munthu amangotembenuka. Ya mwezi umodzi womwewo amachita kukongola ku banki m'khonde.

MwanaWaLendi:
Tikongola bwanji osakongola a Dala, poti inu ma landilodi kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 munakweza lendi mwezi womwewo, malipiro athu ali pomwepo. Denga likudontha, chimbudzi chadzadza, mukauzidwa mumati ukatopa samuka. Tsiku la 1 la mwezi m'mamawa muli pakhomo. Anthu ena amathawa usiku chifukwa cha manyazi ndi mantha, akudziwa kuti akanena kuti ndalama palibe muwazulira chitseko.

Dala_wa_Ndirande:
Kwacha inagwera inu nokha? Malata, simenti, mapaipi, zonse zinakwera. Ine chitseko sindinazulepo cha munthu.

Mlonda_wa_Usiku:
Ine anandizulirapo. Ku Chinsapo, mwezi wa Juni kukuzizira, mkazi wanga ali ndi khanda, chifukwa cha masabata awiri ochedwa. Tinatchinga ndi chiguduli. Titasamuka anakaniza poto ndi wailesi ati chikole, ndinabweza ndalama yake yonse koma wailesi ndinaipeza yakufa, ana ake amaseweretsa. Nde mayi a ku 25 ngati musunge katunduyo, musunge zenizeni. Asagwiritsidwe ntchito. Matiresi asagonere alendo anu, mbaula isaphikire. Mukayamba kugwiritsa ntchito ndiye kuti mwatenga.

KalalikiWakale:
@Mlonda_wa_Usiku mwanena chinthu chofunika. Ndipo za chikole ndiwonjezere, chikole chenicheni ndi chimene mwini wake wavomera. Akapezeka bamboyo n'kunena yekha kuti mashini akhale kaye kwa inu mpaka ndimalize ngongole, kapena gulitsani matiresi muchotsepo, lemberanani pamaso pa amfumu asainire, pamenepo palibe vuto. Ngakhale pa WhatsApp atalemba yekha momveka bwino kapena kutumiza mawu, sungani. Koma kumbukirani kuti mashiniwo mwina ndi a mkazi, pomwe munagwirizana za lendi ndi mwamuna. Mwamuna sangapereke chinthu cha mkazi wake mkaziyo osadziwa.

Chinanso, mukapeza mapepala monga chiphaso cha unzika, masetifiketi a sukulu, kabuku ka kusikelo ka mwana, makadi a kubanki, zithunzi za ukwati, mankhwala a kuchipatala, zimenezo musaziwerengere pa ngongole ngakhale pang'ono. Ikani mu envulopu, ndipo tsiku lililonse akabwera iye kapena m'bale wake wodziwika mupereke, kaya walipira kaya sanalipire. Setifiketi ya MSCE kwa inu ilibe mtengo, koma iye popanda imeneyo ntchito sapeza, nde adzakubwezerani ndi chiyani? Kukayitsata ku MANEB ku Zomba ndi ndalama ndi nthawi.

Nachisale_BT:
Nanga zovunda? Miyezi itatu ufa, nyemba, kaya usipa zili momwemo.

KalalikiWakale:
Zowola tayani pamaso pa mboni zomwezo, zilembedwe kuti zatayidwa chifukwa chakuti. Palibe angakuimbeni mlandu pa ufa wa anankafumbwe.

MayiWaKu25:
Abale ndabweranso. Ndinapita kwa amfumu dzulo madzulo, anandiuza zofanana ndi za a Kalaliki, ati timate kalata pachitseko tidikire masabata awiri kenako adzabwera okha ndi anthu awo. Kupolisi ndalembetsa m'mawa uno. Komanso ndinakumbuka kuti mayi uja amaimba kwaya pa tchalitchi china chapafupi, ndinapita kwa amayi a chigwirizano, mmodzi akuti kwawo ndi ku Dedza mbali ya Linthipe ndipo ali ndi nambala ya mchemwali wake, andipatsa mawa akaipeza mu foni yakale. Aphunzitsi aja avomera kudikira mpaka pa 15. Kunena zoona mtima unali utandiwawa kwambiri, usiku ndimawerengera kuti mashini ndigulitsa zingati, koma mwana wawo uja amandiitana agogo, amadyera pakhomo panga. Ngongole yanga ndikuifunabe yonse, sindinaikhululuke ayi. Vuto latsala ndi posungira, nyumba yanga ndi yodzadza kale.

Chemwali_Zomba:
Mwachita bwino mayi. Mchemwali wakeyo mukamuimbira musayambe ndi za ndalama, adula foni. Yambani ndi kufunsa ngati ali moyo ndi mwanayo, kenako munene kuti katundu ali bwinobwino mukufuna adzatenge. Za ngongole mukambirana akafika, amfumu alipo.

Dala_wa_Ndirande:
Akadzatenga katundu ndalama zanu mwaziona komaliza. Ine ndanena. Bola mashiniwo atsale mpaka alipire.

MwanaWaLendi:
Mashini akatsala asoka ndi chiyani kuti alipire?

Gogo_Chilinde:
Apa ine ndili pakati. Mupatseni mashini azisoka koma alembe kuti mwezi uliwonse azitumiza zingati pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo m'bale wake mmodzi wa ntchito yodziwika asainire kuti iye akalephera alipira ndi iyeyo. Matiresi ndi mipando zitsale ngati wavomera. Ndinapangapo choncho ndi mnyamata wina wowotcherera zitsulo, ndinamupatsa makina ake, amalume ake anasainira, ndalama inabwera ngakhale mochedwa.

Mjoni_Randburg:
Agogo apa mwalasa. Ndipo kwa anzanga amene muli pa lendi muli ndi maganizo obwera kuno, chonde tsanzikani. Ngati mukuopa a landilodi uzani neba mmodzi kapena siyani kiyi kwa m'bale. Kungokhoma loko n'kusowa mumavutitsa anthu osalakwa, ngati mayiwa fizi ya mwana yaima chifukwa cha inu.

Nesi_ku_Leeds:
Mayi, aphunzitsi akulowawo mulemberane. Pepala limodzi lokwanira, dzina, nambala ya chiphaso, kwawo, mfumu yawo, manambala a abale awiri, ndi mzere wonena kuti akasowa miyezi yakuti osalipira osayankha mudzatsegula pamaso pa amfumu ndipo katundu mudzasunga mpaka tsiku lakuti. Aliyense akhale ndi pepala lake.

Dala_wa_Ndirande:
Limenelo nanenso ndikulifuna. A Kalaliki tilembereni chitsanzo m'Chichewa muike pagulu pano, ma tenanti anga ambiri chizungu sawerenga.

KalalikiWakale:
Ndilemba Loweruka ndikapeza mpata. Koma ndineneretu a Dala, mzere woti landilodi atha kugulitsa katundu yekha tsiku lililonse akafuna sindiikamo.

Fundi_wa_Biwi:
@MayiWaKu25 za posungira, funsani amfumuwo kapena kutchalitchi kwa mayiyo, matchalitchi ambiri ali ndi kachipinda kosungira mipando ndi mapoto a pamaliro. Kulikonse kumene muike, wolandirayo asainire pa kope lija ndipo loko akhale wanu. Mashini okhawo musunge m'nyumba mwanu pamwamba pa wadiropu, mutu wake sutenga malo.

Mlonda_wa_Usiku:
Tsiku lotsegulalo muwerengenso mita ya madzi ndi mayunitsi a magetsi amene atsala, mulembe pa kope lomwelo, kuti aphunzitsiwo asadzakangane nanu za bilu ya anthu ena.